Tsiku Limene Ndinagoneka Mwana Pansi pa Nyanja

Linali Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, nthawi ili hafu pasiti teni m'mawa, pamene ndinamasula mwana wanga kumbuyo n'kumugoneka pamchenga. Nthawiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa bambo ake anali atandisiyira wotchi yawo, poopa kuti inyowa m'bwato. Mwanayo anali wamkazi, wa miyezi isanu ndi itatu. Ndinamuyalira chitenje, ndinazika ambulera pambali pake kuti asapse ndi dzuwa, ndipo ndinachoka. Sindinkadziwa kuti malo amene ndamugonekawo ndi pansi pa nyanja, ndiponso kuti madzi ake angochokapo kwa kanthawi.

Kwathu ndi ku Limbuli, kufupi ndi malire. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Amuna anga anabwera kumeneko ali mnyamata, pothawa nkhondo ya ku Mozambiki pamodzi ndi amayi awo ndi mlongo wawo. Nkhondo itatha, amayiwo ndi mwana wawo wamkazi anabwerera kwawo kugombe la nyanja yamchere, kupitirira Kelimane, koma amuna anga anatsala n'kumakonza njinga pamsika. Titabereka, uthenga unafika kudzera kwa anthu ogulitsa nsomba zouma kuti agogo ake a mwana akufuna kumuona. Tinanyamuka chaka chimene tinavota kachiwiri chiyambire zipani zambiri. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo kutali kumene ndinafikapo kunali ku Nkando, kumaliro a azakhali anga.

Tinawoloka malire Lolemba m'mawa n'kukwera lole yonyamula nyemba. Ndinakhala pamatumba nkhope ili kumbuyo. Phiri la Mulanje, limene ndinkaliona tsiku lililonse chibadwire, linayamba kuchepa, linasanduka ngati utsi, ndipo dzuwa likupendeka silinkaonekanso. Ndinkafuna kufunsa amuna anga kuti anthu a kuno amadziwa bwanji kumene kuli kwawo popanda phiri, koma m'lolemo munali anthu ambiri, ndinangokhala chete. Ndi mmene ndinalili. Funso linkafika pakhosi n'kubwerera. M'mbali mwa msewu munali magalimoto opserera ndi masitolo opanda madenga, mitengo itamera m'kati mwake. Amuna anga sankayang'ana zimenezo, ankangosewera ndi zala za mwana.

Tsiku lachiwiri dziko linaphwatalala. Kunali madambo a mpunga mpaka kumene maso amalekeza, ndi mitsinje ikuluikulu yoyenda ngati yatopa, yopanda mwala ndi umodzi womwe. Kenaka kunayamba mitengo ya kokonati. Ine kokonati ndinkamudziwa ali pa thebulo pamsika, sindinkadziwa kuti mtengo wake ndi wautali chotero, wopanda nthambi, masamba ali pamwamba pokha. Inali yambiri kuposa tiyi wa kumaesiteti. Mpweya unali wolemera, khungu linkamata, ndipo ndikanyambita milomo ndinkamva kamchere.

Apongozi anga anali mayi wamtali, wouma thupi, wa mawu aakulu. Chichewa anachiphunzira kukampu ya othawa nkhondo ndipo ankachilankhula mothamanga. Ndinagwada patali, maso pansi.

"Ndiye ndinu amene munamugwira mwendo mwana wanga kuti asabwerere kwawo?" anatero. "Tadzutsani nkhope tikuoneni."

Ndinadzutsa pang'ono, mawu osatuluka. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga uja, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, kodi pakamwa anakulandani pa boda?"

Apongozi anatenga mwana, anamununkhiza m'khosi, anamutembenuza uku ndi uku, ndipo ndinaona misozi ikutsika pamasaya awo ouma aja. Anati mphumi ndi ya malemu amuna awo.

Lachitatu lonse ndinakhala pakhonde, abale akubwera kudzaona mwana. Ankalankhula Chichuwabo. Chilomwe cha agogo anga chinkandithandiza kutola mawu apa ndi apo, kwinako ndinkangogwedeza mutu. Nyumba inali m'kati mwa mitengo ya kokonati, ndipo chilichonse pakhomopo chinkachokera ku mtengo umenewo: denga, tsache, chingwe cha pachitsime, ngakhale moto ankasonkhera zikhokhombe zake. Mlamu ankakhala pa kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, akupala kokonati, n'kufinyira madzi ake oyera mu mpunga ndi mu nsomba. Nthawi yonseyo kunkamveka phokoso kuseri kwa mitengo, ngati lole yomwe ikubwera koma yosafika. Amuna anga anati ndi nyanja. Sananene china, inenso sindinafunse.

Lachinayi lija amuna anga analawirira kupita ndi amalume awo kukawedza. Apongozi anati akazi tipite kukakumba nkhono, mlendo aone kumene ndiwo zimachokera. Ndinabereka mwana, ndinatenga beseni ndi ambulera yanga yakuda, ndipo tinatsata kanjira kamchenga. Mitengo inatha mwadzidzidzi. Tinakwera kamtunda ka mchenga woyera, ndipo nditafika pamwamba ndinangoima.

Kutsogolo kwanga kunalibe kanthu. Kunalibe mtengo, nyumba, chulu kapena phiri. Kunali mchenga wonyowa wokhawokha, ukung'anima ngati malata atsopano, ndipo mitambo inkaoneka m'menemo ngati kumwamba kwagwera pansi. Kutali kwambiri kunali kamzere koyera, ndipo kuseri kwa kamzereko kunali madzi obiriwira amene anakwera mpaka kukakumana ndi thambo. Ndinafunafuna tsidya lina koma silinalipo. Ndinamva mantha ngati amene ndinkamva ndili mwana polowa m'tchalitchi mulibe munthu. Mabwato angapo anali atagona cham'mbali pamchengapo, kutali ndi madzi, ndipo mumtima ndinati amuna a kuno ndi amphamvu zedi, kukoka bwato mtunda wonsewu.

"Mwezi wakhwima," anatero mlamu. "Lero madzi apita kutali."

Ndinamva, ndipo ndinaganiza za mtsinje wa Muloza, umene umaphwa m'chilimwe n'kusiya mchenga poyera mpaka mvula idzagwe. Ndinati ndi chimodzimodzi. Ndinagwedeza mutu.

Tinayenda nthawi yaitali pamchenga wolimba, wa mizeremizere yopweteka kumapazi. Tinkhanu ting'onoting'ono tinkathawa m'magulu n'kulowa pansi tonse pamodzi. Kumanzere kunali nkhalango ya mitengo yachilendo, yoimirira pamizu yake ngati ili ndi miyendo, m'matope akuda onunkha. Akazi ena ambiri anali kale kutsogolo, atawerama, atabalalika ngati nkhuku pabwalo. Tinadutsa kakhwawa kamadzi ofika m'kakolo n'kukwera pa mtumbira wa mchenga wouma pang'ono. Pamenepo mlamu anandionetsa kakumbidwe kake. Umayang'ana timabowo tiwiri toyandikana, umapisa supuni yakale, ndipo nkhono imatuluka itatseka pakamwa. Kenaka iye ndi apongozi anapita mbali yawo, aliyense maso pansi.

Mwana anali atagona, ndipo ndikawerama mutu wake unkalendewera, dzuwa n'kumamuwomba kumaso. Ndinaona kuti akazi ena onse ana awo ali kumbuyo, ngakhale ana aakulu oyenda okha, ndipo ndinadabwa kuti bwanji sakuwatsitsa. Kwathu tikamachapa kumtsinje timagoneka ana pa kachilumba ka mchenga, ndipo lamulo limene amayi anandiphunzitsa ndi limodzi: yang'ana kuphiri. Kukakhala mtambo wakuda pamwamba, nyamula mwana uthawe, ngakhale pamene ulipo pali dzuwa, chifukwa madzi akubwera. Kukakhala koyera, chapa mtima uli m'malo. Ndinatembenuka kufuna phiri, kunalibe. Ndinayang'ana kumwamba mbali zonse zinayi. Kunali timitambo toyera tokhatokha, topanda mvula. Ndiye ndinamugoneka.

Poyamba ndinkakumba pafupi, ndikumuyang'ana kawirikawiri. Koma nkhono zinkanditenga. Ndikapeza imodzi, ina inali patsogolo pake, ndipo beseni litayamba kulemera ndinamva kukoma mumtima kuti apongozi aona kuti mkazi wa mwana wawo si waulesi. Akazi onse ankakumba akusunthira pang'onopang'ono kumtunda, ndipo ine ndinkangotsatira osadziwa chifukwa chake. Kakhwawa kaja ndinakawolokanso osakazindikira. Ambulera inkachepa kumbuyo kwanga, koma inkaoneka, ndipo kumwamba kunali koyerabe.

Chimene chinandidzutsa ndi kuzizira kumapazi. Ndinayang'ana pansi ndipo ndinaona madzi oyera, opyapyala, ali ndi kathovu kutsogolo, akudutsa pakati pa zala zanga. Analibe phokoso, analibe matope kapena zinyalala ngati madzi osefukira a kwathu. Ndipo ankalowera kumtunda. Madzi onse amene ndinawaonapo m'moyo mwanga ankatsika. Awa ankakwera. Ndinaima n'kumawayang'ana, supuni ili m'manja.

"Tiyeni, nyanja yabwera!" anakuwa apongozi ali chapatali, akusenza dengu lawo. Akazi onse anali ataweramuka. Apongozi anandiyandikira, anayang'ana kumsana kwanga, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Make mwana, mwana ali kuti?"

Ndinaloza. Koma kumene ndinaloza kunalibenso mchenga uja. Kunali madzi okhaokha akung'anima, ndi timitumbira tingapo totsalira, tonse tofanana.

"Kuti? Lankhulani!"

"Pa ambulera," ndinatero. Aka kanali koyamba kulankhula nawo mokweza.

Mlamu ndi amene anaiona, kadontho kakuda kutali. Apongozi anataya dengu lawo, anandilanda beseni n'kukhuthula nkhono zanga zonse m'madzi, ndipo anayamba kuthamanga nalo lopanda kanthu. Ndinawapitirira. Madzi anali m'kakolo, kenaka m'mawondo, akundikoka chitenje. Nditafika pa kakhwawa kaja ndinapeza kasanduka mtsinje waukulu, wothamanga cham'mbali. Ine kusambira sindidziwa. Ndinalowa basi. Madzi anafika m'chiuno, mchenga unkathawa pansi pa mapazi anga, ndipo ndinagwa n'kumwa madzi owawa mchere mpaka m'mphuno. Dzanja louma la apongozi linandigwira pamkono n'kundiimiritsa.

"Musalimbane nawo! Yendani chopingasa, kumene akupita. Mapazi musanyamule, akhwekhwerezeni."

Tinawoloka chotero, atandigwira, akutukwana m'chilankhulo chawo. Mwana sindinkamumva kulira, ndipo zimenezo zinkandiopsa kuposa madziwo.

Mtumbira uja unali utatsala ngati mphasa ziwiri. Ambulera inali itapendekeka. Ngodya imodzi ya chitenje inali kale m'madzi, ikuyandama. Mwana anali atadzuka, atakhala tsonga, mchenga uli pakamwa ponse, akumenya ndi kadzanja kake madzi amene ankabwera kudzamugwira kuphazi n'kubwerera. Atandiona anaseka. Ndinamunyamula mwamphamvu mpaka analira, ndipo ndinayamba kumuponya kumbuyo kuti ndimubereke.

"Kumbuyo ayi, amira," anatero apongozi. "Muikeni umu."

Anapinda chitenje m'beseni, tinamukhazika m'menemo, ndipo iwo anasenza beseni pamutu, dzanja limodzi litagwira m'mphepete. Anandiuza kuti ndigwire mfundo ya chitenje chawo m'chiuno ndipo ndisasiye ngakhale nditagwa. Pobwerera madzi a m'khwawa anandifika pachifuwa. Funde lina linandimenya kukhosi. Sindinkayang'ana madzi, ndinkayang'ana beseni lili pamwamba pa mutu wa mayi wamtali uja, ndi timanja tiwiri titagwira m'mphepete mwake. Khosi lawo silinagwedezeke ngakhale kamodzi. Mlamu ndi akazi ena awiri anali atalowa mpaka m'chiuno kutidikira, atagwirana manja, ndipo anatikoka.

Titafika pa kamtunda ka mchenga woyera kaja ndinakhala pansi n'kumuika mwana kubere. Ndinkadikira kuti apongozi andikalipire pamaso pa anthu onse, ndipo ndinali wokonzeka. Anakhala pansi akupuma movutikira, kenaka anatembenukira mlamu.

"Iwe, unali naye pafupi. Maso ako anali kuti?"

"Amayi, ine ndimadziwa bwanji kuti munthu angatsitse mwana pamenepo? Ndani amachita zimenezo?"

"Wa kuphiri amachita! Unamuuza?"

"Ndinanena kuti madzi apita kutali."

"Kuti abweranso unanena?"

Apongozi anapukuta kumaso ndi dzanja.

"Nanenso sindinanene," anatero motsitsa. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala kwanu kuja. Tsiku lina ndinkachapa mumtsinje dzuwa likuswa mtengo, mayi wina anandikoka tsitsi kunditulutsa. Sindinamalize n'kumutukwana komwe, madzi ofiira anadutsa ndi miyala ndi mitengo. Zovala zonse zinapita. Iye anaona mtambo kuphiri. Ine ndinkaona phiri lokongola basi."

Ndinayang'ana kutsogolo. Mtunda wonse umene tinayenda m'mawa uja unkatha ndikuona. Madzi ankabwera m'mizere yoyera, mzere pambuyo pa mzere, uliwonse ukufika patsogolo pang'ono kuposa unzake. Mabwato aja ogona cham'mbali anayamba kugwedezeka, anadzuka limodzilimodzi n'kuyandama, popanda munthu wowakhudza. Mitengo ya miyendo ija inamira mpaka masamba okha ndi amene ankaoneka. Ambulera yanga ndinaiona kamodzi ikugubuduzika pamwamba pa funde, kenaka sindinaionenso. Pamene panagona mwana wanga panali madzi akuya kuposa nyumba.

Funso linafika pakhosi, ndipo ulendo uno linatuluka.

"Amayi, kodi mvula yagwa kuti?"

"Palibe mvula."

"Nanga madzi onsewa achokera kuti?"

"Ndi omwe aja. Amapita, amabwera. Madzulo ano apitanso, usiku abweranso."

"Tsiku lililonse?"

"Kawiri. Nkhondo inalipo, ankapita n'kubwera. Ife tili kwanu, ankapita n'kubwera, popanda wowaona."

"Amawakoka ndani?"

Analoza kumwamba kopanda kanthu. "Mwezi. Ukakhwima amapita kutali n'kubwera mothamanga, ngati lero. Ukakhala theka amachita ulesi."

Ndinaganiza za mwezi umene unkatuluka kuseri kwa phiri kwathu, umene tinkasewerera chipako tili ana. Sindinkadziwa kuti uli ndi ntchito ina kuno, yaikulu chotere.

"Alamu ayamba kulankhula," anatero mlamu akupukuta misozi, uku akuseka. "Zinangofunika kuti amwe madzi a mchere. Kwanu phiri limangokhala phee ngati inu nomwe. Kuno zinthu zimayenda, mayi."

Dzuwa litapendeka mabwato a asodzi anabwera ndi madziwo, matanga awo osokedwa ndi masaka atafufuma. La amuna anga linadutsa pamwamba penipeni pa malo aja n'kudzaima pafupi ndi mapazi athu. Anatsika akusekerera, atanyamula nsomba yaitali ngati mkono. Amayi awo anawafotokozera zonse m'Chichuwabo, ndipo ndinaona kusekerera kuja kukuzima. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine.

"Ndinkayesa aliyense amadziwa," anatero.

Apongozi anawalanda nsomba ija n'kuwamenya nayo paphewa kawiri.

"Chaka ndi theka uli naye m'nyumba! Mumakamba chiyani, za njinga?"

Akazi onse pagombe anafa nacho chiseko, ndipo inenso ndinaseka, misozi ikutuluka. Madzulo amenewo tinadya nsomba yomweyo ndi mpunga, popeza nkhono zonse zinabwerera kwawo. Mwana sindinamupereke kwa munthu aliyense, ngakhale kwa bambo ake, ndipo apongozi sanamupemphe.

M'mawa mwake ndinatunga madzi pachitsime, ndinasukuluza mchere m'zitenje zonse n'kuziyanika pakati pa mitengo iwiri ya kokonati. Kenaka ndinabereka mwana, ndinamumanga ndi zitenje ziwiri, ndipo ndinauza apongozi kuti lero sindikumba nawo. Ndinatsata kanjira kaja ndekha mpaka pa kamtunda ka mchenga woyera. Madzi anali atayamba kale kuchoka. Ndinakhala pansi pamalo ouma, pamwamba pa mzere wa zinyalala umene anasiya usiku, ndipo sindinachokepo mpaka ndinawaona akupita kutali, akuima, n'kutembenuka.